Mkamwini Amene Anakumwetsani Phala

Amayi, kumene muliko mukudzukako bwanji? Ndikhulupirira kuti kumeneko chakudya chikutsika bwinobwino pakhosi, poti kuno munachoka ndi njala ufa uli m'nyumba. Ndine mwana wanu Felesita. Ndati ndikuuzeni za kwanu kuno, zabwino ndi zonyansa zomwe, chifukwa inu simunkakonda munthu wosunga mawu m'masaya.

Ndiyambe ndi zabwino. Achemwali a Rozi anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, koma kulira ndiye watengera kwa bambo ake. Chimanga chachita mwa apo ndi apo, mvula inadula chikumasula, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kugwada. Kalongonda wanu wa kuseri kwa bafa wayanga mpaka mumtengo wa mango. Ndinayesa kuphika, mdzukulu wanu Tiyanjane anangolawa n'kunena kuti agogo ankaposa apa. Sindinamukalipire, ananena zoona.

Tsopano zonyansazo. Bambo a Tiyanjane, mkamwini wanu a Mofati, awathamangitsa pamudzi pano. Akuti ndiwo anakuphani.

Inu mukudziwa mmene zinalili. Munayamba ndi kumwera madzi mbamu iliyonse, kenaka nsima inakana, pamapeto ngakhale phala linkabwerera. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anati ndi khansa ya kummero. M'chipinda mwanu munali malovu, masanzi ndi fungo, sindibisa. Mlongo wanu, amalume a Dayitoni, ankaima pakhomo mpango uli pamphuno, kufunsa kuti mwaswera bwanji, osadikira ndi yankho lomwe. A Rozi anali ndi pakati, akangosuzumira basi kuthamangira kuseri. Ndinatsala ine, ndipo manja anga anali awiri okha, munda ukundidikira, mwana akundidikira.

A Mofati, chikwatireni pano, anali asanakhalepo nanu mphasa imodzi. Akabwera kuchokera kopalasa kabaza ku Njuli ankanjuta chapatali n'kupereka moni maso ali pansi, monga amachitira mkamwini waulemu. Tsiku lija ndili kudimba, inu munatsamwa muli nokha, ndipo munawaitana ndinu: "A Mofati, lowani. Manyazi asandiphetse ndi njala." Kuyambira pamenepo ndiwo ankasefa phala kuti lisakhale ndi mibulu, kuthiramo nsinjiro, kukumwetsani ndi kasupuni kakang'ono kaja pang'onopang'ono. Likabwerera ankakupukutani ndi chitenje n'kukataya beseni, nkhope osakwinya. Inu munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo munkawanyoza kuti phala lawo ndi lamadzi ngati la kundende, iwo n'kumaseka.

Phala limenelo ndiye lasanduka mlandu. Mwambo wa maliro utatha, amalume anapita kwa munthu wina wa nsupa kutsidya kwa mtsinje, osauza aliyense. Anausunga mlanduwo mpaka tsiku la sadaka yanu. Mbuzi ya tsikulo anazinga ndi kusenda ndi a Mofati, nkhuni anawaza ndi iwo. Anthu anadya, anatsukuluza m'kamwa ndi thobwa, ndipo atakhuta amalume anaimirira pamaso pa mbumba yonse.

Anati: "Matenda a Mulungu amakhala malo amodzi. Awa anayamba pakhosi, tamva afika ku chiwindi, mimba yatupa, maso achita chikasu. Matenda oyenda ndi otumidwa, ndipo analowera kukamwa. Tsono ankadyetsa alongo angawa ndani? Mkamwini wanji wolowa kuchipinda kwa apongozi ake?"

Amayi, ndinayang'ana milomo yawo ikunyezimira mafuta a mbuzi ija. Munthu amene akuti amaika zinthu m'chakudya, nyama yake anali atangoitafuna mpaka mafupa!

Ndinaimirira ngakhale sanandipatse mpata. Ndinawauza zimene anandiuza adokotala aakazi aja a ku Blantyre tsiku limene anakujambulani m'mimba. Ine ndemwe ndinali nditawafunsa kuti, kodi matendawa ali ndi miyendo, kuti achoke pakhosi n'kukapezeka ku chiwindi? Iwo sanandiseke. Anati m'magazi mwathu muli asilikali a thupi, ndipo pena pakavulala, malowo amatulutsa timadzi ta uthenga, ngati kafungo, kuti asilikaliwo adziwe kolowera. Dzina la timadzito anati makemokaini, lilime langa linapunthwa nalo. Asilikaliwo ali ndi tolandirira uthengawo pakhungu pawo, adokotala anati ndingoti timphuno. Tsono khansa za m'njira ya chakudya, kaya kummero, m'mimba kapena m'matumbo, nazo zimatha kumera timphuno tomweto. Tizidutswa ta khansayo tikanyotsoka n'kulowa m'magazi timanunkhiza, ndipo chiwindi ndi chimodzi mwa ziwalo zotulutsa kafungoko, ndiye timakaunjikana kumeneko ngati nyerere pa shuga. Anatinso akatswiri ali kalikiliki kufunafuna mankhwala otseka timphunoto, koma kwa inu kunali kutachedwa kale.

Ndinafotokoza zonsezi mmene ndikanathera. Ndinati khansa imayenda yokha, safunika munthu woituma. Amalume anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa kuti: "Timphunoto iwe unatiwona? Ife supuni tinaiona." Anthu anavomera ndi mitu. A Rozi, amene a Mofati anawanyamula panjinga kupita nawo kochira, anangoweramira mwana wawo. Zimenezo ndiye zinandinyansa koposa zonse. Munkanena inu kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ndinaona ndi maso kuti palibe amene akanatsutsa mwini mbumba.

A Mofati analowa m'nyumba imene anaumba njerwa zake okha, anatenga bulangete, khasu ndi malaya awo a kutchalitchi, n'kumanga panjinga. Pochoka anandiuza kuti: "Mayi a Tiyanjane, musadane ndi abale anu chifukwa cha ine. Amayi akudziwa." Anapita kwawo cha ku Mbombwe, akukankha njinga osakwera, Tiyanjane akulira pambuyo pawo mpaka pamsewu. Kasupuni kaja amalume analamula kuti katayidwe m'chimbudzi. Ndinataya kena, kanu ndinakabisa m'chitini cha mbewu.

Chichokereni a Mofati, amalume amabwera kudzandilimbitsa mtima. Amati malo ano ndi anga, munda ndi wanga, amuna ndi ambiri, tonde akachoka m'khola amabwera wina. Amakhala pampando umene anakhoma a Mofati, kumwa tiyi wanga, kulankhula zimenezo osachita ndi manyazi. Akachoka kapu ndimaitsuka ndi phulusa. Mundikhululukire, ndikudziwa kuti ndi mlongo wanu wa bere limodzi, koma ndikamva kutsokomola kwawo panjira ndimalavulira pansi. Kuti anakulirani sindikana, analiradi. Koma munthu amene sanagwirepo beseni lanu asamauze anthu za imfa yanu.

Ndiye ndaganiza, ndipo ndati muyambe kumva ndinu. Ndikangothyola nandolo ndikutsatira bambo a Tiyanjane kwawo. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mkazi sachoka, ndipo munkandiuza kuti mkazi wosiya dothi la amake amakakhala mlendo mpaka imvi. Adzandiseka kuti ndathamangira mwamuna, munda wanu adzagawana ndisanafike ndi pamsewu pomwe, ndipo kalongonda wanu adzadya amene sanabzale. Zikundiwawa, Amayi, sindinama. Mango aja munabzala ndili kumsana. Koma sindingathe kudzuka m'mawa uliwonse kupatsana moni ndi anthu amene anaona chifundo n'kuchitcha ufiti, ndiponso sindifuna Tiyanjane akule akudziwa kuti pamudzi pano wopukuta masanzi ndiye amathamangitsidwa. Mbewu ya kalongonda ndatapako pang'ono, ikamera kumeneko.

Musadandaule za manda anu. Ndikulonjeza kuti nyengo yolambula ikakwana ndidzabwera, ndipo sindidzabwera ndekha. A Mofati adzanyamula khasu, ofuna kulavula adzalavule. Inu ndinu munawauza kuti alowe, ndiye ngakhale kumeneko sadzanjuta chapatali, adzagwada kumutu kwanu penipeni.

Ndimakukondani, Amayi. Gonanibe bwino.

Ine mwana wanu,
Felesita