Yusebeya Pakhomo pa Bambo

Kabudula,
16 Juni 2024.

Okondedwa akulu anga a Rabecca,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bangwe kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mawu amandithawa, komanso inu mumafulumira.

Bambo anatuluka m'chipatala. Adokotala anati tizingowasamalira kunyumba. Mbali ya kumanja yafooka, kulankhula sakutha. Owasambitsa ndi bambo aang'ono a Goliati, ine ndimachapa, kuwamwetsa phala ndi kuwakhazika padzuwa.

Bambo aang'ono anena poyera kuti tsikulo likadzafika maliro adzakhala a gule, monga eni ake anafunira kuyambira kale. Nkhaniyi inafika kutchalitchi. Paja mwezi wamawa ndimayenera kuvekedwa yunifolomu ya bungwe la amayi. Bulauzi yoyera anandisokera kale a Amini, atelala a pa Nsaru.

Amayi Faness, atcheya athu, anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Anati, "Iwe Talandira, ndiwe mwana wabwino, sitikufuna kukutaya. Kudwazika palibe akukuletsa. Koma ng'oma ikadzangolira, udzatuluke m'mudzimo, udzagone kwathu. Ukadzakhala pasiwa, komiti idzakuimika. Wamva eti?" Ndinati, "Ndamva, amayi." Sanalankhule mwaukali ayi. Anandipatsanso nsinjiro zoti ndizithira m'phala la bambo.

Loweruka lapitalo kunabwera aphunzitsi a Baibulo ochokera kutauni, a Adamson. Analemba pabolodi mawu achigiriki, ndipo ndinawakopera bwinobwino: eusebeia. Amawatchula kuti yusebeya. Anati m'Baibulo lathu nthawi zambiri anawamasulira kuti chipembedzo, koma sikungopezeka m'tchalitchi Lamulungu kokha. Ndi ulemu waukulu umene munthu amapereka kwa Mulungu, ndipo umaonekera m'zochita zake kuyambira Lolemba. Kenako anatsegula 1 Timoteo 5:4, pamene Paulo akuuza ana kuti ayambe kuchitira ulemu a m'banja mwawo ndi kubwezera makolo awo. Anati m'chigiriki mawu a pamenepo ndi a mtundu womwewo.

M'kalasi sindinakweze dzanja, mukundidziwa. Ndinadikira anthu onse atuluke, iwo akumangirira chikwama panjinga yamoto.

"Aphunzitsi, kodi mawu aja amakhudzanso kholo losapemphera?"

"Paulo sananene kuti khololo likhale lotani," anatero.

"Nanga maliro a gule?"

Anasiya kumanga. "Chemwali, ine pano ndine mlendo, malamulo a mpingo wanu sindingawasinthe. Ndipo sindikunamizani kuti vesilo likunena za gule. Silikunena."

Ndinabwerera kunyumba wopanda chilolezo cha munthu aliyense. Ndakhala ndikuziganizira pochapa, pomenya chimanga, ngakhale popemphera. Amayi Faness sakunama, Mulungu safuna kumusakaniza ndi zina. Komabe ndikaganiza zoti mtembo wa bambo uli m'nyumba, amayi athu anamwalira kale, ndipo ine ndanyamula chitenje kukagona kwa eni, sindikuona ulemu umene ndingakhale ndikupereka kwa Mulungu pamenepo. Mwina ndi sukulu yanga yochepayi.

Ndiye ndatsimikiza motere. Nyimbo zawo sindidzaimba, zilombo sindidzaziombera m'manja, koma pasiwa ndidzakhalapo mpaka bambo atanyamulidwa. Dzulo ndinakawauza amayi Faness. Iwo anati, "Bulauzi ija uipinde bwino, njenjete zingaidye." Choncho mwezi wamawa anzanga adzavekedwa popanda ine. Zikundiwawa, sindibisa.

Akulu anga, ndikukumbukira kuti mutatembenuka mtima munalumbira zosadzapondanso pakhomo polira ng'oma za gule. Sindikutsutsana nanu, ndipo sindikukupemphani kuti mudzabwere kumaliro. Ndikungonena kuti padakali pano ng'oma sizinalire. Pakhomo pali zii, pali munthu wokalamba pamkeka basi. Msewu ndi wouma, makabaza akufika mpaka pamjigo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Pamela ndi kwa khanda limene sindinalione. Bambo aang'ono akuti moni. Bambo ndinawauza kuti ndikulembera inu, ndinatchula dzina lanu kawiri. Anatembenuzira nkhope kumsewu ndipo sanafune kuti ndiwalowetse m'nyumba mpaka dzuwa litawachoka. Chimene amatanthauza sindikuchidziwa, ndiye sindiwonjezerapo mawu anga.

Ndine mng'ono wanu,
Talandira.