Matope a m'Damu Akudya Mpweya

Alexio 06:10
nsomba zafanso 40. zotsala zangoti kukamwa yasa pamwamba pa madzi ngati zikuitana munthu

Manesi 06:18
achimwene si poizoni. matope munanditumizira aja ndawayeza ku lab kuno ku Lilongwe. akudya oxygen wa mmadzi. manyowa a nkhuku mumathira aja ndi feteleza wokokoloka mminda ya fodya, zonse zikuwolera pansi

Alexio 06:19
matope kudya mpweya? sukulu yakoyo kkk

Alexio 06:23
club yathu ya alimi a nsomba yagwirizana titsegule geti la pansi pa damu matopewo atuluke. chotsegulira chili mchitsime cha simenti chija pa khoma la damu. ndilowa ine

Manesi 06:24
chija sichinatsegulidwepo chibadwire ife? musalowe plz

Alexio 07:40
ndachotsa chivundikiro. fungo la mazira owola. pansi pakutuluka tithovu koma kuli zii, olo chule. malume a Nowa akukana kuyandikira, tawamvera wekha

Alexio 07:43
🎤 uthenga wa mawu 0:41
"Manesi mwana wanga, ndine Nowa. Damuli tinakumba mu 74, ife opanda khadi, anyamata a chipani atatiimirira. Anatsitsa mnzathu Benjamini m'chitsimemu kuti akamange chitsulo chotsegulira geti. Sanakuwe. Anangokhala pansi ngati watopa. Titamukoka atafa kale, achipani aja anatilamula tizinena kuti wathawira ku Zambia. Mayi ake anamwalira akudikira kalata. Kuchokera apo tinkayamba tatsitsa nyali pa chingwe. Ikazima, ndiye kuti Benjamini wakana."

Manesi 07:52
za nyalizo amvereni. moto ukazima ndiye kuti mulibe oxygen, munthunso sangapume. ndikuopa achimwene. ndikulowa meeting, dikirani ndituluke

Alexio 08:31
malume abwerera ku Malomo, ati sangaonerere kawiri. anzanga akutola nsomba zakufa tsidya lina

Alexio 08:44
koloboyi ali naye ndani masiku ano. ndatsitsa tochi ya mabatire mpaka pansi. 5 min ikuwalabe bwinobwino. Benjamini wavomera kkk

Alexio 08:46
foni ndikusiya pamwamba. 10 min basi

Manesi 09:35
AYI. tochi si moto, imawala olo mopanda mpweya

Manesi 09:36
yankhani call yanga

Manesi 09:41
achimwene

Manesi 09:50
ndaimbira akazi anu, akuthamangira konko. mukandiyankha sindidzakunyozaninso, ndikulumbira

Alexio 10:06
ndine Esitere. foni ndaipeza pa simenti. ndikuitana sakuyankha koma tochi ikuwala ndiye mpweya ulimo eti

Alexio 10:06
ndikutsika ndikawaone

Manesi 10:07
alamu musatsike. itanani anthu abwere ndi chingwe

Manesi 10:07
alamu ana ali ndi inu nokha

Manesi 10:09
alamu