Zala Pansi pa Tepi

Pa 14 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi banja lonse. Kuno tikudzuka. Ndasankha kulemba kalata chifukwa nkhani iyi pafoni mukanandidula pakati, monga mwa chizolowezi chanu, n'kumati netiweki yavuta.

Chitsiriza wathu ali chimodzimodzi. Akupitabe ku makina otsuka magazi katatu pa sabata: Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Impso zake sizinasinthe maganizo. Akabwerako amagona ngati nsalu yofinyidwa, koma pakamwa pokha m'pamoyo. Akundinyozabe kuti ndimasoka makolala opotoka.

Tsiku lomwe munkanyamuka munandikokera pambali n'kunena kuti, "Uzimuyang'anitsitsa mwamuna wakeyo. Mkazi akadwala nthawi yaitali, amuna amayamba kuyang'ana kumsewu." Ndawayang'anitsitsa alamu athuwo, achimwene, mwinanso mopitirira. Nali lipoti lanu.

Mukuwadziwa mmene analili. Mimba yawo inkalowa m'nyumba eni ake akadali pakhonde. Buledi wathunthu ankamumaliza ndi kapu imodzi ya tiyi. Ndiye mu Malichi, ndili kunyumba kwawo, ndinaona kalendala yomatidwa pachitseko cha firiji, masiku ena ozunguliridwa ndi cholembera chofiira, ena chobiriwira. Ndinafunsa kuti zimenezi n'zotani.

"Ndayamba dayeti, mlamu," anatero. "Masiku ofiira ndimadya za sitachi, mpunga, mbatata, buledi, chifukwa ndiwo masiku onyamula zitsulo ku jimu. Obiriwira ndi mazira, nkhuku ndi kabichi basi. Amati ukamalisinthira thupi choncho limayamba kudya mafuta ake omwe."

"Amatero ndani?"

"Odziwa."

"Odziwawo amavala siketi?"

Anaseka mpaka mimba kugwedera.

Ine ndine telala, achimwene. Ndayeza ziuno za amuna zaka makumi awiri, ndipo zomwe ndaona n'zakuti mwamuna wamkulumkulu sachepetsa mimba chifukwa cha mkazi amene ali naye kale. Akabwera kudzabwezetsa thalauza, dikirani miyezi itatu, abweranso kudzasoketsa suti, ndipo womuperekeza sakhala yemwe uja.

Zizindikiro zinayamba kuchuluka. Munthu wogwira ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, koma Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu akufika kunyumba akununkhira sopo. Lamba wawo anamuboola bowo latsopano ndi msomali. Tsiku lina Lamulungu foni yawo inawala patebulo, ine ndili pafupi. Dzina linalembedwa kuti "Mayi wa Zakudya", ndipo uthenga unali wakuti, "Mawa ndi lofiira, musadumphe. Tionane pa 9." Alamu anaitembenuza foniyo msangamsanga ngati akuphimba moto.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi cha mpunga. Chitsiriza anadzikoka n'kulowa kukhitchini, miyendo yotupayo, n'kuwaphikira amuna ake mpunga. Linali tsiku lobiriwira. Iwo anati, "Zikomo, koma lero ayi." Mng'ono wanga anangotenga mbale ina n'kuvindikira. Ine mumtima ndinati: mwana wa mayi anga akadali moyo, bambo uyu wayamba kale kukonzekera zithunzi za ukwati wachiwiri.

Kenako anadzibweretsa okha kushopu kwanga. Anati safuna kugula sikelo chifukwa Chitsiriza angamafunse mafunso, ndiye ndiziwayeza chiuno Loweruka lililonse akamusiya ku makina. Ndinavomera. Loweruka loyamba anali mainchesi 44. Loweruka lachiwiri 43 ndi theka. Loweruka lachitatu 43. Nthawi iliyonse ankalemba m'kabuku n'kutuluka akuimba mluzu.

Apa ndiye pomwe pali mlandu wanga. Telala aliyense akamayeza chiuno amalowetsa chala chimodzi pansi pa tepi, kumbuyo komwe kasitomala saona, kuti thalauza isadzamuthine akakhuta. Loweruka lachinayi ine ndinalowetsa ziwiri.

"Simunatsike, alamu. Mukadali pa 43."

Sabata yotsatira ndinalowetsa zala zonse, n'kutsala chachikulu chokha.

"Mwakwera. Pano ndi 43 ndi theka."

Ndinkafuna agwe ulesi, kapena mayi wa zakudyayo awagwere ulesi. Anakhala pa kampando ka makasitomala, malaya ali m'manja.

"Mlamu, tayezaninso."

Ndinayezanso, ndi zala zomwezo.

"Nthawi ikunditheratu," anatero chapansipansi. Ine ndinangoti mumtima: akupatsani tsiku lomaliza eti, mkwatibwiyo?

Zomwe sindinadziwe n'zakuti atafika kunyumba anafufuta masiku ofiira onse. Masabata awiri akudya mazira ndi kabichi zokhazokha, zitsulo akunyamulabe, makatoni akunyamulabe. Lachitatu lapitali, cham'mawa, ndinalandira foni kuchokera kwa kapitawo wawo. Akuti alamu achita chizungulire n'kugwa pakati pa mashelefu, ali kuchipatala, ndipo apereka nambala yanga, ati akazi awo asauzidwe. Ndinasiya diresi pamakina. M'njira monse ndinkangoti: eya, lero ndimuona mkaziyo.

Ndipo ndinamuonadi. Ndinawapeza alamu ali pabedi, diripi pamkono, pulasitala pachipumi. Pasanapite nthawi analowa mayi wa imvi mutu wonse, gauni loyera, nsapato zafulati, magalasi olendewera pa chingwe. Akhoza kukhala msinkhu wa malemu mayi athu. Ndi amene amalangiza odwala za kadyedwe pachipatalapo. Moni sanapereke n'komwe.

"Bambo inu, ndinati chiyani za masiku ofiira? Thupi lonyamula katundu mukuliyendetsa ndi kabichi? Mukufuna tikuchotseni pa ndandanda?"

"Chiuno sichimatsika, amayi."

"Akukuyezani ndani?"

Alamu anandiloza ndi chibwano. Mayi uja anandiyang'ana, n'kutulutsa tepi m'thumba la gauni, n'kuwauza kuti aime. Anakulunga, n'kuwerenga mokweza.

"Ndi 40 ndi theka."

Alamu anayang'ana tepi, kenako ine.

"Mlamu, tepi yanu ija munaichapa ndi madzi otentha?"

Ine ndinangofunsa kuti ndandanda yomwe akunenayo ndi ya chiyani. Mayi uja anayang'ana alamu, alamu n'kugwedeza mutu kuti anene. Akuti mu Febuluwale anakayezetsa, ndipo magazi awo akugwirizana ndi a Chitsiriza. Akhoza kumupatsa impso imodzi. Koma madokotala anakana kuwachita opaleshoni ndi thupi lija, anati ayambe achepetsa, adzawaonenso kumapeto kwa Juni. Chitsiriza sanamuuze chifukwa akalephera angamupweteke kawiri, komanso mukumudziwa, akhoza kukana.

Musaganize kuti ndinakhulupirira pomwepo. Ndinati ndione mapepala. Anali m'chikwama chawo cha kuntchito, opindidwa m'kabuku kaja. Ndinawerenga dzina, tsiku, chidindo, mpaka ndinapenyetsa pepalalo pawindo. N'zoona zonse, achimwene. Sopo uja ndi wa ku bafa la ku jimu.

Mayi uja atatuluka ndinaulula za zala zanga.

"Ndiye mumati ndikukonzekera ukwati?" anafunsa alamu.

"Eya."

"Ndi m'kamwa muno monunkha kabichi?" Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. "Mwandidyera masabata awiri, mlamu."

Sanawonjezerepo china. Bola akanandikalipira.

Tsopano tamverani tsiku lomwe linalembedwa papepala lija: pa 11 Febuluwale. Mukuikumbukira sabata imeneyo? Ndi yomwe madokotala anati abale a wodwala abwere akayezedwe. Ine ndinati ndapanikizika ndi mayunifolomu a sukulu. Inu munati kuntchito sakukulolani. Mayunifolomu analipodi, koma ndinawamaliza m'masiku anayi, ndipo kuchipatala sindinapite. Ndimaopa mpeni, achimwene. Kuyang'anira chiuno cha munthu wina kunali kophweka.

Loweruka lapitali ndinakakhala ndi Chitsiriza ku makina. Machubu ali pamkono, anandigwira dzanja.

"Asisi, musandinamize. Awa ali ndi wina?"

Alamu anandilumbiritsa kuti ndisanene kanthu mpaka madokotala avomere. Ndiye ndinangoti, "Palibe. Ndafufuza mpaka ndachita manyazi."

"Nanga mpunga wanga akuukaniranji?"

"Uziwaphikira Lolemba. Adya mpaka poto."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, diso lomwe lija la mayi. Ndikuona ngati tsopano akundikayikira ine ndemwe, kuti ndagulidwa. Ndapirira. Juni sali kutali.

Masiku ofiira abwereranso pa kalendala. Loweruka lomwelo alamu anabweranso kushopu, koma anandiuza kuti ndiimirire kutsogolo, manja onse awiri aziwaona. Anali pa 40.

Lolemba likudzali shopu ndikutseka, ndikukayezetsa. Ngati alamu sakwanitsa pofika Juni, pafunika pakhale wina kumbuyo kwawo. Mayi wa imvi uja anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti nanenso ndiyambe kusiyana ndi buledi. Anatinso kuyezetsaku kumatheka pachipatala chachikulu chilichonse, zotsatira amatumizirana okha. Sindikukuuzani chochita, ndinu aakulu. Ndangoti mudziwe kuti ntchito munandipatsa ija ndaimaliza, ndipo maso anga tsopano alibe womuyang'anitsitsa.

Mupereke moni kwa akazi anu ndi ana. Chitsiriza akuti mwasowa, ndipo akufunsa ngati mimba yanu ikukulabe. Alamu nawonso akupereka moni. Sakudziwa kuti munandituma ndinu, mlandu umenewo ndasenza ndekha. Mathalauza awo atatu ali pamakina pano, ndikuwabweza m'chiuno, ulendo uno pa muyeso weniweni.

Mukayankhe ndi kalata. Pepala silikhala ndi vuto la netiweki.

Ndine mlongo wanu,
Telala wa makolala opotoka