Jekete Lofupika Manja

Lamulungu, 8 Juni 1947

Ine Zelesi Nandau, wa kuno kumapiri a Tsangano. Zaka zanga abusa adayerekeza makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi. Ine ndingodziwa kuti ndidali nditatha msinkhu chaka chimene azungu adatentha midzi. Sukulu sindidapondeko. Zilembo adandiphunzitsa malemu amuna anga, pansi, ndi kamtengo, kuti makalata awo a ku Halale asamawerengedwe ndi ana a eni. Ndimalemba ngati nkhuku yopalasa. Koma poti masiku ano mawu apakamwa alibe ntchito, aliyense akuti pepala, pepala, nanenso ndayamba langa.

Nkhani ndi iyi. Mwana wanga Redson adapita ku Joni zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Adasiya mkazi, Lufina, atakhala naye miyezi inayi yokha. Makalata atatu, kenako zii.

Sabata yatha kudabwera Fanizo wa kutsidya kwa mtsinje, wangofika kumene kuchokera ku migodi. Nkhuku m'khwapa. Akuti ndabwera kudzapepesa maliro, mundikhululukire kuchedwa. Maliro a yani? Munthu adagwetsa nkhuku. Ankayesa tidamva kale. Redson adafa ndi chifuwa m'chipatala cha pamgodi, chino ndi chaka chachinayi. Fanizo adanyamula nawo bokosi.

Ndalira sabata yathunthu. Lero ndaleka. Pali ntchito.

Lachiwiri, 10 Juni

Chisanu. Madzi a mumtsuko oluma mano.

Ntchito yake ndi Lufina. Adabwera ali mtsikana, lero ndi mayi wopanda mwana, kungolima kachewere wa apongozi. Elson wa ku Bwanje, amene mkazi wake adamwalira, adatuma anthu kawiri. Munthu wofatsa, ali ndi ngolo yakeyake. Kawiri konse tidabweza, tikuti mwamuna ali moyo. Abale ake anena kuti adikira mpaka mvula. Ikagwa, akafuna kwina.

Ndinapita kwa a Yoramu, mkulu wa mpingo. Ndati ndikufuna kusudzula mpongozi wanga, akwatiwe m'tchalitchi ngati mwana wa anthu. Akuti mawu a Fanizo ndi a munthu mmodzi. Akuti kumudzi wina adakwatitsa mkazi wa mchona, mwamuna n'kutulukira ndi njinga ndi sutukesi. Abusa salola popanda pepala la boma. Lufina akapita kwa Elson wopanda pepalalo ndi chigololo, amudula mu mpingo.

Ndati a Yoramu, amayi anu adafa ndi pepala? Tidakumba, tidaika, tidameta. Akuti amenewo tidawaona ndi maso.

Pamenepo anena zoona. Ndipita ku boma.

Lachitatu, 18 Juni, ku boma

Masiku awiri panjira. Lufina amafuna kundiperekeza, ndamukaniza, nkhumba za eni zingalowe kudimba. Miyendo yatupa ngati minsi. Ndikugona kwa Regina, mwana wa mng'ono wanga. Kuno nkhuni amagula.

Pakhonde la ofesi anthu mbwee. Amsonkho, amilandu, akazi a machona ana kumsana. Mesenjala wa chipewa chofiira akuti gogo, bwerani mawa. Ndati mawa ndi la achinyamata, ine ndikhala pompano. Ndakhala pakhomo penipeni, miyendo yotambasula, aliyense wolowa azindilumpha. Dzuwa lapendeka, atseka. Mawa ndikhalanso pomwepo.

Lachinayi, 19 Juni

Atopa kundilumpha. Andilowetsa.

Kalaliki ndi a Wilfred, mwana waulemu, andipatsa mpando. Buku lalikulu la anthu ofera kunja. Migodi ikatumiza mawu amalemba mmenemo, mudzi ndi mudzi. Chala chawo chatsika, chakwera. Redson mulibe. Atsegula chaka china, mulibe. Ndati werengani onse a m'mudzi mwathu. Akuti alimo mmodzi yekha. Goliati, chifuwa, Epulo 1943. Katundu wake adaperekedwa kwa bambo ake.

Ndinaseka mpaka a Wilfred kudabwa. Goliati ndi mwana wa alamu anga a Aleck. Lamulungu lapitali amaimba besi kumbuyo kwanga, denga kunjenjemera.

Kenako kusekako kunatha. Chifuwa. Chaka chachinayi.

Ndakumbuka. Redson adali wowonda, wotsokomola chibadwire. Olemba anthu a ku migodi adamubweza kamodzi, dokotala atamumvera pachifuwa. Ulendo wachiwiri adapita awiri, iye ndi Goliati. Goliati adabwerako yekha, akuti ine andikana, mbale wanga amutenga. Akane chimunthu chonga ng'ombe yapangolo, atenge bango? Nthawi imeneyo sindidafunse. Tsopano ndaona. Woima pamaso pa dokotala adali Goliati, wokwera galimoto ndi chitupa adali Redson. Anyamata ena ankatero.

Ndati a Wilfred, fufutani, lembani Redson. Akuti mayi, buku silifufutidwa ndi pakamwa. Mwini dzina abwere, aime pamaso pa Bwana Disi, anene yekha, ndipo akatero ndi ndende. Pepala angandipatse, koma la Goliati. Akuti mukalitenga limeneli, wamasiye ndi mkazi wa Goliati. Amaseka pang'ono. Ine ayi.

Ndalitenga. Ndalimanga pansonga ya nsalu.

Lamulungu, 22 Juni

Ndafika dzulo, mapazi ong'aluka. Lufina wandithowa ndi madzi otentha. Sindinamuuze kanthu.

Ku tchalitchi ulaliki sindinaumve. Maso pa Goliati. Jekete lake lakuda lija. Manja ofupika, othera pakati pa mkono, kumsana kothina ngati ling'ambika akakweza mawu. Zaka zonsezi takhala tikumuseka: Goliati, jekete lachepa kapena wakula ndiwe? Iye n'kumati adagula lotsika mtengo kwa Mmwenye.

Telala wake adayeza mwana wanga, lidabwera m'katundu wa ku migodi uja.

Lakhala likudutsa pakhomo panga Lamulungu lililonse. Lufina adalisokapo batani.

Lachiwiri, 24 Juni

Ndinapita kwa alamu m'mawa, ndisanalawe kanthu. A Aleck ali padzuwa, Goliati akusema goli. Ndayala pepala pamphasa, ndatsindira ndi mwala. Ndati pepani alamu, ndamva ku boma kuti mwana wanu adamwalira, ndabwera kudzakhuza.

A Aleck kuyang'ana kumbali. Akuti atandiitana ku boma n'kundipatsa katundu, ndidachita mantha. Ndikanena kuti wafa si ameneyu, mwana amangidwa. Ndikadza kwa inu, mulira mokweza, mudzi umva, boma limva. Ndidati ndidikire pang'ono.

Pang'ono pakeyo ndi zaka zinayi. Msonkho nawo Goliati adaleka, wakufa sakhoma.

Goliati analira ngati khanda. Akuti amayi, Redson adandipempha yekha, ankafuna kudzagula ng'ombe zakezake. Ndikudziwa. Ndidamubereka ndine, liuma lake ndikulidziwa.

Ndati ku ndende sindikutumiza. Mmodzi ndataya kale, ndipo ndende sidzutsa munthu. Koma ziwiri. Jekete. Ndiponso ukanene pamaso pa akulu a mpingo. Akuti akulu akamva, boma limva. Ndati ukapanda kubwera, pepalali likalankhula lokha, ndipo ilo silidziwa kupepesa.

Waimirira. Walowa m'nyumba, wanditulutsira jekete.

Likununkha thukuta la mwini wolakwika. Ndalichapa, ndalichapanso.

Lachisanu, 27 Juni

Ndamuuza Lufina zonse. Sanalire. Watenga khasu, wapita kudimba, wabwera dzuwa litalowa. Akuti amayi, ndikapita adzakutungirani madzi ndani? Ndati mtsinje sudasamuke.

A Aleck atumiza mawu. Akuti Lufina akakwatiwa, ng'ombe za lobola zibwerere kubanja. Manyazi alibe. Ng'ombezo zidali za amuna anga, ndipo mtsikanayu wazibweza ndi khasu. Ndayankha kuti wofuna ng'ombe akatenge ku Joni.

Mchere watha. Nkhuku ya Fanizo yayamba kuikira.

Loweruka, 5 Julaye

Bwalo la mpingo. Akulu pabenchi, abusa pakati. Fanizo wabwera. Goliati kulibe.

Ndati munafuna pepala la boma, nali. A Yoramu awerenga, awerenganso. Akuti mayi, ili ndi la Goliati.

Ndati eya. Boma likuti Goliati adafa. Inu mwakhala mukumupatsa mgonero, mwabatiza ana ake awiri obadwa bambo ali m'manda. Ngati pepala ndilo loona, lekani kudyetsa mtembo, mkazi wake mumusudzule. Ngati pepala linganame, musandifunsenso pepala.

Mkulu wina anatsokomola, kubisa kuseka. Abusa akuti mayi, pano si pamowa. Ndati ndikudziwa abusa, pamowa bwenzi titamvana kale.

Ndinayang'ana kukhomo. Ndinali nditamuika mwana wa alamu poyera, iye kulibe. Mmodzi mwa akuluwa atapita nazo ku boma, wommanga ndine.

Kenako chitseko. Goliati, malaya okha, chisanu chonsechi. Wanena zonse, maso pansi, za dokotala, za chitupa, za katundu. Fanizo wanenanso zake. Mboni ziwiri. Abusa akuti za boma ndi za boma, sizituluka m'chipinda chino. Ife tilemba m'buku lathu kuti Redson adagona. Lufina ndi mfulu.

Ndathokoza. Ndati Lolemba ndikaika jekete kumanda.

A Yoramu akuti zimenezo ndi zachikunja, manda ndi a anthu, osati a zovala. Mukatero tikuikani pa chilango. Ndati mkazi sasudzulidwa m'buku, amasudzulidwa pamtumbira, atameta. Mwana wanga sangakhale wopanda mtumbira kwawo. Ikani.

Lolemba, 7 Julaye

Adzukulu akana, akuopa akulu. Akumba Goliati ndi Fanizo. Dzenje laling'ono, pambali pa bambo a Redson. Jekete ndalikulunga mumphasa yatsopano. Lopepuka. Momwemo adaliri mwini wake tsiku lobadwa, amayi ena ankati sakhala.

Nkhalamba ziwiri za kumtunda zaimba nyimbo yachingoni ya maliro a mwamuna, ija mawu ake sitiwamvanso. Ine ndangoponda mwendo.

Lufina ndamumeta ndi dzanja langa. Ndati mwana wanga wakusiya, nafenso takumasula, pita ukaone ana. Pamenepo ndi pamene walira.

A Yoramu anaima patali, patsinde pa mkuyu, chipewa m'manja. Sanayandikire. Sanachokenso mpaka takwirira.

Lamulungu, 13 Julaye

Alengeza. Zelesi Nandau, miyezi isanu ndi umodzi kunja kwa mgonero. Ndakhala pabenchi ya kumbuyo, ya olangidwa, pakati pa Goliati ndi mtsikana wotenga mimba. Malo abwino, dzuwa limafika. Ndaimba mokweza kuposa onse.

Atalengeza langa, alengezanso ukwati wa Elson ndi Lufina. Pakamwa pamodzimodzi.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Ukwati udali Loweruka. Ngolo ya Elson idatsika naye ku Bwanje, tsitsi litangoyamba kumera pansi pa duku. Akuti kumeneko kumatentha, udzudzu ngati mvula. Azolowera. Mtsuko wake wandisiyira, waukulu, sinditha kuusenza. Ndikutunga ndi kachidebe. Goliati amasiya nkhuni pakhomo, salowa.

Fanizo abwerera ku Joni mawa. Anabwera kudzatsazika. Wakhala, wakhala, akupotokola chipewa. Akuti mayi, pali chimodzi. Bokosi ndidanyamula, koma lidali lokhoma kale. Tsiku limenelo tidaika atatu. Nkhope sindidaione. Adangotiuza nambala.

Ndati bwanji sudanene ku bwalo? Akuti palibe adandifunsa.

Nanenso sindidafunse. Ndipo ngakhale ndikadadziwa, Lufina akadapitabe. Zaka zisanu ndi zitatu zakwana. Sindibweza mawu, kaya kwa a Yoramu, kaya kwa Bwana Disi.

Koma chitupa chimene chidasintha manja kamodzi chingasinthenso kawiri.

Mapepalawa ndidalembera ine ndekha. Tsopano ndikumupatsa Fanizo apite nawo, asaonetse mzungu, aziwerengera anthu akwathu m'makomboni. Inu amene mukumva izi, ngati mudagona m'chipatala chija Epulo 1943, n'kuona mnyamata wowonda, wa mpata kumano, wolembedwa Goliati koma woyankha akaitanidwa Redson, mundilembere. Munene ngati adali ndi munthu pambali, ngati adamupatsa madzi. Lembani zilembo zikuluzikulu, maso anga afooka. Zelesi Nandau, Tsangano, kudzera kwa abusa. Kalata ifika.

Ndipo iwe Redson, ngati onsewa adalakwa, ngati uli kwinakwake ndi dzina lachitatu, usabwere. Mkazi wako ndamupereka ndine, mtumbira wako ndaumba ndine. Usabwere, mwanawe. Ungolemba.