Chikhoti changa choyera

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, chifunga chachoka mochedwa.

Chisomo, mnzanga wa ku yunivesite, wanditumizira chithunzi pafoni. Anzanga onse a m'kalasi ali mu labu, avala zoyera, ayamba kemisitiri ya chaka chachiwiri. Ine ndili kuno ku Kabwazi. Ndinalephera kemisitiri ya chaka choyamba, ndipo lamulo lawo ndi lakuti usanakhoze imeneyo sungalowe m'kalasi yotsatira. Akuti ndidikire mpaka idzaphunzitsidwenso chaka chamawa.

Masana abambo amakonzeka kukapopera mbatatesi kudimba. Anaona chikhoti changa choyera cha mu labu chili pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Mwanawe, chovala ichi chikungodya fumbi. Tandibwereka, mankhwalawa amandiyabwa m'mikono."

Sananene mwachipongwe ayi. Koma ine mtima unangoti phwii. Ndinati, "Pepani abambo, tengani iyi," n'kuvula jekete yanga, yokhayo yofunda yomwe ndili nayo. Anandiyang'ana, anayang'ananso chikhoticho, n'kulandira jeketeyo.

Panopa jekete ndaichapa, ili pachingwe, ndipo siuma lero. Ndikulemba zala zili gwa ndi mphepo. Amayi akuti ndachita zopusa, chikhoti chimachapika. N'zoona, chimachapika. Koma chikangolowa m'dimba kamodzi, ndiye kuti nanenso ndavomera kuti sukulu yathera pomwepa.

Dzuwa likulowa ndinachitsitsa n'kuchivala, ndimati kwa kanthawi chabe. Kafungo ka mu labu kakadalimo m'manja mwake. Sichifunda n'komwe. Mpaka pano sindinavule.