Makina Owotcherera a Akamwini Anga

Lolemba, 3 Ogasiti 1959

Mphepo ya fumbi. Nkhuku 14, ya mawanga sinabwerere. Makapu a tiyi ndatulutsanso asanu m'malo mwa anayi. Ya Rhoda ndaibweza ana ake asanaone. Chimwalirireni mwana wanga m'dzinja lija, dzanja silinaphunzirebe.

Masana chinthu chinatulukira pansi pa mpanda, chikukankhidwa ndi kamtengo. Buku la malonda, la Chingerezi, lodzaza zithunzi za makina. Kuseri kwa mpanda kukhosomola. Akamwini anga, a Obadiya. Dzina limeneli pakamwa sindinalitchulepo. Papepala pano ndingathe.

Ukwati wawo wonse sitinayang'anizanepo kumaso. Tikakumana panjira, iwo kupatukira m'tchire, ine nkhope kumbali. Ndi mwambo wathu, koma awirife tinausunga kuposa anzathu onse. Mawu ankadzera mwa Rhoda. Tsopano patsala mpanda wa udzu pakati pa nyumba yanga ndi yawo.

Anati, ngati akuuza mpandawo: "Kapena apongozi angawerengeko Chizungu chili m'menemo. Ine ndimangoona zithunzi."

Akufuna kugula makina owotcherera zitsulo. Mpaka pano amakonza njinga ndi kumata ndowa ndi mtovu. Chitsulo chenicheni chikathyoka, mwini wake amachinyamula mpaka ku tauni ya Fort Jameson. Bukuli awabwereka a Lajabu, a sitolo ku Katete, amene amaitanitsa katundu ku Lusaka.

Ndinayankha kuti chabwino. Liwu limodzi.

Lachitatu, 5 Ogasiti

Ine pa mphasa kuno, iwo pa kampando uko. Ndiwerenga chiganizo, nditanthauzira, ndidikira. Monga ndinkachitira ndi atsikana m'kalasi ku Nyanje, kungoti wophunzira uyu sindimuona. Ndimaona zala za kumapazi zokha pansi pa udzu. Zikagwedera, amva.

Makina alimo mitundu itatu.

Oyamba ndi atsopano, oyendera mpweya wotchedwa agoni. Awa ndiwo anawakoka mtima. Amalumikiza ngakhale mapoto oyera a aluminiyamu, msoko wake wosalala ngati wa telala. Koma afuna magetsi. Kuno ku Sinda magetsi ayi. Nditawerenga pamenepo zala zija zinaima. Anati: "Pitirirani, apongozi, amenewo ndi a ku migodi." Patapita kanthawi anapempha kuti ndibwereze za msoko zija. Ndinabwereza.

Achiwiri ali ndi injini ya dizilo yopanga magetsi akeake. Olemera zedi. Amawamangirira pa simenti ndi mabawuti. Akakhala, akhala.

Achitatu ndi a moto: thanki ya kabaidi, mwala wonunkha uja wa nyale za ku migodi, ndi botolo lalitali la mpweya. Munthu mmodzi akhoza kuwakankha pa kangolo.

Ali ndi ndalama za mtedza ndi zimene Rhoda anasiya za kusoka. Zikwana achitatuwo. Achiwiri, pokhapokha ng'ombe zitapita.

Lamulungu, 9 Ogasiti

Ku tchalitchi amayi 31, abambo 12. Pobwera tapeza mlendo: a Ackson, malume a akamwini, kuchokera ku Vubwi. Masiku ambiri panjinga, miyendo yotupa. Akhala pansi ndi mlongo wanga a Stanford, mwini mbumba yathu. Ine ndinali kusenda mtedza chapafupi, makutu uko.

Agwirizana. Kumeta komaliza ndi kusudzula, Loweruka la 19 Sepitembala. Tsiku limenelo tidzawamasula a Obadiya ku ukwati wa malemu, akhale mfulu kubwerera kwawo.

A Ackson: "Munthu wathu wakukhalirani mokwanira. Kwathu kuli munda ukumudikira, mbeta nazonso ziliko."

Ana ndi athu, adzatsala. Mwambo utero, ndipo palibe akutsutsa. Ottilia ndi wamkulu, amva. Koma Misheck sagona popanda kugwira khutu la bambo ake. Ine mawondo anatha, dzino latsala limodzi lotafunira. Ndidzawalera mpaka pati?

A Obadiya palibe wawafunsa. Inenso sindingawafunse. Mpongozi safunsa mkamwini kuti kodi mukhala kapena mupita.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

A Stanford anabwera m'mawa, atamva za buku. Anati: "Alongo, muwauze agule olemera aja. Ng'ombe zanu ziwiri muwonjezerepo. Munthu akathira simenti sachoka."

Zomwezo ndinali nditaziganiza kale ndekha. Ndinachita manyazi kuzimva m'kamwa mwa wina.

Ndatsegula buku pandekha. Kumapeto kuli ndime ya anthu ongoyamba kumene. Ikuti makina a injini ndi a zitsulo zochindikala, mathirakitala, milatho. Pa chitsulo chopyapyala, dzanja losazolowera limangoboola. Woyamba ayambire a moto, amene amalola munthu kupita pang'onopang'ono.

Ndinapita kukaona mulu wa zothyoka umene uli kuseri kwa nkhokwe yawo, iwo atachoka. Mafelemu a njinga 6. Ndowa 9. Makasu 4. Pulawo 1. Thirakitala palibe, ndipo m'dera lino ndinaionapo kamodzi.

Ndime imeneyi ndikhoza kuilumpha. Wowerenga Chingerezi m'mudzi muno ndine ndekha. Sangadziwe.

Misheck wakodza pa mphasa yanga. Ndachapa, ndayanika. Kamalaya kake kathina m'khwapa.

Lachinayi, 13 Ogasiti

Ndawerenga zonse. Ndime ija ndinaiwerenga mofulumira, kenaka ndinaibwereza bwinobwino chifukwa kufulumira nakonso ndi bodza.

Kuseri kunamveka kukhosomola. Kenaka: "Apongozi akanakhala iwo, akanasankha ati?"

Sanandifunsepo maganizo anga pa chilichonse chikwatirireni. Ndinayang'ana zala zija. Chala chachikulu chili ndi chikhadabo chakuda, china chake chinawagwera.

Ndinati a moto. Ndinatchula mafelemu ndi ndowa. Ndinati ng'ombe zikapita, chaka chino alima ndi chiyani. Ndipo ndinawonjeza chimene sanafunse: kuti a motowo munthu akhoza kupita nawo kulikonse kumene angakakhale.

Anati: "Zikomo." Basi. Kampando kanakwekwereka, anapita.

Ndiwo ndapsereza. A Stanford atamva anangoti: "Sukulu ija inakupusitsani, alongo." Kapena zoona.

Loweruka, 15 Ogasiti

Ku Katete. Pofunika wolemba Chingerezi poitanitsa katundu, ndiye ndinapita. Iwo anatsogola panjinga, ine pa lole ya mtedza. Mafupa onse akudandaula.

M'sitolo tinaima wina kuyang'ana kum'mawa, wina kumadzulo. A Lajabu anaseka mpaka kugwira kauntala: "Tsono ndigulitse kwa ayani, awa akuyang'ana shuga kapena awa akuyang'ana nsalu?" Akazi awo a Hamida anawadzudzula, nandipatsa mpando ndi madzi.

Taitanitsa thanki, botolo, mapaipi awiri, chogwirira moto ndi milomo yake itatu, timitengo ta mkuwa tosungunula. Magolovesi achikopa. Epuloni ayi, anati asoka okha ndi chikopa cha mbuzi. Ndinavomera.

Pa magalasi akuda oteteza maso ndi pamene tinasiyana. Akamwini anauza mpukutu wa nsalu kuti galasi la zenera lofukiza pa koloboyi limakwanira, anaona wina akuchita ku Fort Jameson. Ine ndinauza thumba la shuga kuti munthu ameneyo lero akumutsogolera ndi ndodo. Sindikumudziwa n'komwe munthuyo. A Lajabu: "Shuga wapambana."

Ndinalemba magalasi awiri, kuopa kusweka. Achiwiriwo ndalipira ndi za mazira.

Loweruka, 5 Sepitembala

Sindinalembe. Chifuwa chinandigoneka, kenaka Misheck chikuku. Bambo ake anamufungatira masiku onse amenewo, ntchito osagwira. Wachira, akusupuka khungu.

Katundu anafika dzana. Lole inamutsitsa pamsewu, amuna anayi ananyamula botolo ngati maliro. Sindinakonde kuona zimenezo.

Kuyatsa koyamba: phuu! ngati mfuti. Nkhuku zonse m'tchire, galu mpaka kudambo. Amayi a mudzi wonse anaima patali atagwira pakamwa. Fungo la kabaidi lalowa mpaka mu ufa.

Anaitana pa mpanda kuti ndiwerengenso za kasakanizidwe ka mpweya. Moto ukakhala wachikasu ndi wa mwaye, mpweya wachepa. Ukamalira ngati njoka, wachuluka. Wabwino uli ndi kamtima koyera pakati. Ndinawerenga katatu.

Msoko woyamba anaukankhira pansi pa mpanda kuti ndione. Mabulumabulu ngati ndowe za mbuzi. Nditaupinda ndi manja angawa unathyoka. Ndinaubweza pansi pa mpanda. Kuseri kunamveka kuseka pang'ono. Kuseka kwawo sindinakumve chimwalirireni Rhoda.

Lachiwiri, 8 Sepitembala

Ndachita chinthu.

Magalasi achiwiri aja ali kwa ine. Masana, ana ali kwa a Stanford, ndinawavala. Dziko lonse bii. Ndinapatula udzu wa mpanda ndi zala ziwiri kuti ndione ngati moto uli ndi kamtima koyera kaja. Ndimo ndinadziuzira.

Moto ndinauona. Kenaka ndinaona nkhope imene moto unkaunikira. Sindinachotse maso.

Munthu amene wandilimira, wandifolerera nyumba, wakumba manda a mwana wanga ndi manja ake anthu akumuletsa. Ndimadziwa msana wake, chipewa chake, chifuwa chake chokhosomola. Nkhope ayi. Ndi yaitali. Imvi zayamba m'mbali mwa makutu. Chipsera chaching'ono pachibwano. Akamaika mtima pa ntchito amatulutsa nsonga ya lilime pakona pa mlomo.

Misheck amachita chimodzimodzi akamamanga ng'ombe zadothi. Ndinkadabwa kuti anazitenga kuti, poti kwathu kulibe.

Magalasi anachita nthunzi m'kati. Ndinavula.

Lolemba, 14 Sepitembala

Msoko wagwira. Njinga ya aphunzitsi a ku Nyanje, imene inathyoka pakhosi chaka chatha. Aikwera, aidumphitsa pa mzere wa mbatata, osathyoka. Lero pabwera anthu 7 ndi zothyoka zawo. Mmodzi ndi mphika wadothi. Anamubweza mwaulemu.

Madzulo kugogoda, kuwotcherera, kugogoda. Ndinasuzumira. Apanga kangolo ka mateyala awiri a njinga, kokhala ndi malo a thanki ndi unyolo womangira botolo. Kokongola. Kolimba koti kangafike ku Vubwi.

Ottilia akupeta mphale sanandiyang'ane. Anangoti: "Agogo, kangoloko n'ka ulendo?" Ndinati sindidziwa. Anati: "Inu mumadziwa zonse." Anapeta mpaka gaga ndi mphale zonse zinathera pansi.

Ndikanalumpha ndime ija, bwenzi lero akusakaniza simenti.

Loweruka, 19 Sepitembala

Zatha. Ife a tchalitchi mowa ayi, thobwa migolo iwiri. Pemphero, nyimbo imene Rhoda ankaikonda, kumeta. Mutu wanga ukuzizira.

A Stanford analankhula bwino, ndiwayamikire: "Munatisungira mwana wathu mpaka kumanda. Tilibe nanu mlandu. Kuyambira lero mwamasuka." Anawapatsa tambala.

A Ackson anathokoza, nati anyamuka Lolemba m'mamawa kusanatenthe.

A Obadiya anakhala chowerama, Misheck ali pamiyendo akuwasisita mutu wometawo.

Ndawakazingira mtedza wa panjira. Ndaika m'kathumba, ndakankhira pansi pa mpanda. Mpaka dzuwa kulowa kathumba kali pomwepo.

Lolemba, 21 Sepitembala

Ndinadzuka ndi kulira kwa mateyala. Kwii, kwii. Ndinakhala pakhonde ndi kuyang'ana pansi, kumvetsera kuti phokoso lilowera kumsewu. Linafika pothera mpanda. Linakhota. Linabwera kuno.

Mapazi aja anaima pabwalo langa. Popanda kukhosomola.

"Odi, amayi."

Amayi. Osati apongozi. Ine khosi linatembenuka lokha kuyang'ana khoma.

Anati: "Munandisudzula dzana. Sindinenso mkamwini wanu. Palibenso choyang'anira kukhoma."

A Ackson anali atanyamuka okha kusanache, atakwiya, tambala atamangirira pa keriyala. Ndinali ndisanadziwe.

Anati: "Mlendo akafuna malo pamudzi amayambira kwa ayani? Ndikufuna pansi pa mkuyu wa pamsewu paja, ndimangepo shedi. Ndi nyumba yomwe ija, ngati simunalonjeze munthu."

Ndinati za malo ndi a Stanford, koma a Stanford ndiwauza ine. Ndinati shediyo ikhale ya malata, udzu ndi moto umenewo ayi. Ndinati botolo lisamakhale padzuwa. Ndinalankhula zambiri, zonse kuuza khoma. Kenaka zonena zinatha.

Ndinati akhale pansi. Anakhala pa mphasa yanga yomweyi, chipewa pa bondo. Tonse awiri mitu yometa ngati ana a sukulu. Osadziwa poika maso.

Anayamba ndi iwo. Anati pali chinthu akhala akufuna kundifunsa zaka zonsezi, panalibe podzera. "Kodi Rhoda ali mwana ankaimbanso akamachapa?"

Ndinatembenuka. Ndinati ankaimba, ndipo mawu a nyimbo ankasokoneza, ndime yachitatu kuilowetsa mu yoyamba. Anati mpaka kukula sanasinthe, ndipo ukamukonza ankakuwaza thovu.

Tinaseka. Kenaka tinalira, aliyense akumuona mnzake.