Tayala Lalowa Kudambwe

Lolemba. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Dzulo amalume, obwera kuchokera ku Joni aja, anathamangitsa galimoto yawo yaliwiro pabwalo la mpira mpaka fumbi koboo. Lero potsetsereka ku Mphunzi chitsulo chogwira tayala chathyoka, tayala lakumbuyo n'kuchoka lonse. Palibe wavulala. Koma tayalalo lagubuduzika mpaka kulowa m'nkhalango ya kumanda, kumene kuli dambwe la Nyau.

"Iwe ndiwe mwana, sangakuchite kanthu," atero amalume. "Mawa ulawire, ukalitenge."

Iwo akuopa, nanga ine? Gule sindinalowe. Akandigwira andilowetsa mokakamiza, kutumikira pa Misa n'kuthera pomwepo. Amalume sindinawakanirepo chibadwire. Ndangogwedeza mutu movomera, koma kaya mawa miyendo yangayi ikafikako…